Njinga ikukana kulira m'mawa chiyambireni chiperoni

Bambo a Tadala, Thunga, Lachiwiri 05:14
Mwadzuka bwanji abale pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Njinga yanga yamoto ikukana kulira m'mawa, lero akwana masiku anayi. Chiyambireni chiperoni sabata yatha, ndikaitulutsa mbandakucha ndimaponda kiki mpaka mwendo kuchita dzanzi. Sitata ikungoti tche tche tche basi. Koma dzuwa likangotentha cha m'ma 9 koloko, kiki ziwiri yalira, ndipo tsiku lonse sivutanso. Panopa ndili ndi zigubu ziwiri za mkaka wa eni ake zoti zifike ku Bvumbwe isanakwane 7. Dzulo ndinafika mochedwa, mkaka anaukana kuti wayamba kusasa, ndinalipira ndine.

Mjomba wa pa Limbuli, 05:19
Kkkkk njingayo yafanana ndi mwini wake, siifuna kuchoka m'bulangete. Ikani mbaula pansi pa injini mphindi khumi achimwene, iothe moto kaye. Ife timatero.

Mayi a Grace, Chitakale, 05:21
Mjomba, m'mawa uno usayambe zako. Bambo a Tadala musayerekeze dala za mbaulazo. Mnyamata wina woyandikana nafe anachita zomwezo chaka chatha, kabuleta inkadontha iye osadziwa. Tinangomva phuu! Inatsala felemu yokha, khonde la eni nyumba nalo linapsa. Mpaka lero akubweza ngongole ya njinga yomwe kulibe.

Za lero chitani izi: kwanuko mitsetse ndi yosasowa. Tsitsani zigubuzo, tsegulani kiyi, ikani giya 2 osati 1, gwirani kilatchi, mwana akukankheni mpaka ithamange, kenako tayani kilatchi uku mukudzigwetsa pa mpando. Ikalira gwiraninso kilatchi msanga. Mkaka ufike kaye, zamatenda tikambirana bwino.

Bambo a Tadala, 05:40
Yalira mayi! Takankha kawiri, kachitatu yatsokomola n'kulira. Tadala watsala akuwefuka pa mtsetse, wavala matope mpaka m'mawondo. Ndanyamuka.

Madala a Sipanala, Luchenza, 07:52
Ndangoona kumene, foni inali pa chaji kwa aneba. Kukankha si mankhwala mwana wanga, ndi ndodo yoyendera chabe. Mawa ukadzagona kuchigwa adzakukankha ndani?

Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu kuti ilire: moto pa pulagi, mafuta osakanikirana bwino ndi mpweya, ndi mphamvu yopanikiza zimenezo m'silinda. Kuzizira pakokha sikupha njinga yabwinobwino, makamaka kuzizira kwathu kuno. Kumangoulula chomwe chinali chofooka kale. Ndiye undiyankhe, osakwiya: njinga ndi ya saizi yanji, yayenda zaka zingati, pulagi unasintha liti, imagona pati, ndipo choko umachigwiritsa ntchito bwanji?

Bambo a Tadala, 08:31
Madala, ndi ya 125cc, yatha zaka zitatu. Pulagi ndi yomwe ndinaika nthawi ya mvula. Imagona pakhonde kuseri, ndimaifunditsa thumba la feteleza. Za choko ndinene chilungamo, kachitsulo kaja sindinakagwirepo chigulireni. Anandiuza kuti kamamwetsa mafuta.

Mjomba wa pa Limbuli, 08:33
Zaka zitatu osagwira choko?? Safunsa anadya phula.

Che Batire, Thyolo boma, 08:40
Musavutike ndi zambiri. Tche tche tche ameneyo ndi batire, ndimamva phokoso limenelo tsiku lililonse pa shopu. Kukazizira, asidi ndi mapuleti a m'batire zimagwira ntchito mwaulesi, ndiye batire yokalamba imagwa mphwayi m'mawa. Batire ya 12 volts yodzadza bwino, itagona usiku, imayenera kuonetsa 12.6 kapena kupitirira pang'ono. Ikamaonetsa 12.0 ndiye kuti yatsala pang'ono kutheratu. Ndipo ukadina sitata isatsike kupyola 10. Bweretsani tiyeze, kuyeza n'kwaulere.

Madala a Sipanala, 08:49
Kuyeza n'kwaulere, koma ukatuluka m'shopumo watenga batire yatsopano m'manja kkkk. Sindikutsutsa Che, batireyo ndi yofooka ndithu, n'chifukwa chake sitata ikungogogoda. Koma munthuyu wati ndi kiki yomwe ikukana. Njinga zambiri za 125 zomwe zili pa misewu yathuyi moto wa pulagi zimautenga ku magineto, osati ku batire. Zilipo zina zomwe CDI yake, kabokosi kotumiza moto ku pulagi, imadya ku batire, zimenezo batire ikafa nazo zimafa. Bambo a Tadala, unayamba wayendapo batire itachotsedwa?

Bambo a Tadala, 08:55
Eya, chaka chatha ndinayenda mwezi wathunthu opanda batire, hutala yokha ndi imene inkalira ngati mwanapiye.

Madala a Sipanala, 08:57
Basi. Ndiye batire tiyiike pambali kaye, ili ndi mlandu wake koma si uwu. Ndalama ya batire isunge.

Aphunzitsi, Makwasa, 10:12
Ndili pa buleki, ndiponyeko mawu pa nkhani ya choko chifukwa ambiri timachiopa popanda chifukwa. Chomwe chimayaka m'injini si petulo wamadzi koma nthunzi yake. Kukatentha, petulo amasanduka nthunzi mosavuta. Kukazizira, timadontho tambiri timangomatirira m'mphepete mwa kanjira kochokera ku kabuleta, ngati mame pa lata, ndiye chofika pa pulagi chimakhala mpweya wambiri, nthunzi pang'ono. Choko chimachepetsa mpweya wolowa kuti kabuleta ikoke petulo wochuluka, kuti ngakhale wina atsalire m'njira, wofikayo akwane kuyaka. Kumwa mafuta kumene mukukuopako kumachitika ngati mwaiwala kuchibweza n'kumayenda nacho. Mphindi imodzi kapena ziwiri za m'mawa sizingakutherereni thanki.

Foni yanga lero m'ma 5 koloko imaonetsa madigiri 11. Si kuzizira koopsa ayi, koma chiperoni chili ndi chinthu china: chinyezi. Mphepo imeneyi imachokera kummwera chakumvuma itasenza chinyontho cha kunyanja ya mchere, ndipo dzinalo linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, kutsidya kwa Milange. Ikagunda mapiri a Mulanje ndi Thyolo imatula nkhungu ndi mvula yamawawa masiku angapo. Tiyi amasangalala nayo, mawaya a njinga ayi.

Mayi a Grace, 10:20
Aphunzitsi mwafotokoza bwino, koma anyamata anga awiri amene amandiyendetsera njinga amalakwitsa china. Atseka choko, kenako akupotokola mafuta kasanu n'kamodzi asanaponde kiki, ngati akupukusa chimanga. Mapeto ake pulagi yanyowa, fungo la petulo lili guu, njinga duu.

Madala a Sipanala, 10:34
Zoona. Ikazizira: tsegula kampopi ka mafuta pa ON, tseka choko chonse, dzanja lichoke pa mafuta kapena lingotsegula pang'ono kwambiri. Ponda kiki pang'onopang'ono kawiri kiyi ali wotseka kuti ikoke mafuta, kenako tsegula kiyi uponde kamodzi mwamphamvu kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ikalira, bweza choko pakati, dikira pang'ono, kenako bwezeratu. Ngati yamwa kale mafuta ochuluka, chita zosiyana: choko chotsegula, mafuta potokola mpaka kumapeto uwagwire pomwepo, ponda kiki kangapo kuti mpweya uumitse m'kati.

Ndipo musaseke, yang'anani kaswitchi kofiira ka pa chiwongolero. Mwezi watha munthu anakankha njinga kuchokera ku Goliati mpaka pa galaja panga, thukuta lili kamukamu. Mwana wake anali atadina kaswitchi kaja posewera.

Ankolo a ku Canada, 14:05
Moni abale anga akwathu. Kuno kwangocha kumene, tili m'mbuyo ndi maola 7. Ndawerenga zonse ndipo ndaseka ndekha, chifukwa nkhani yanuyi ndi imene ndimalimbana nayo kuno ku Manitoba kuyambira Disembala mpaka Malichi. Panopa kuno n'kotentha, inu ndi amene mukunjenjemera.

Komwe ndimagwira ntchito, nthawi ya chisanu timayendera snowmobile. Tangoganizani njinga yamoto yopanda mateyala: kutsogolo kuli timatabwa tiwiri totsetsereka, kumbuyo lamba wamphira wotambalala ngati wa katapila. Imayenda pamwamba pa chipale, ngakhale pa nyanja yomwe madzi ake auma kukhala ayezi. Yomwe inatchukitsa zimenezi ndi Ski-Doo ya mu 1959, yopangidwa ndi Joseph-Armand Bombardier ku Valcourt m'chigawo cha Quebec. Bambo ameneyu mwana wake anamwalira m'nyengo yachisanu mu 1934 chifukwa misewu inatsekeka ndi chipale, sanathe kumufikitsa kuchipatala. Nditamva zimenezo ndinakumbukira za kwathu kuseri kwa phiri nthawi ya mvula, milatho ikakokoloka.

Kuno kumafika madigiri 30 pansi pa ziro, nthawi zina 40. Koma mukudziwa? Tsiku loyamba yanga itakana kulira, mzungu wachikulire amene timagwira naye ntchito anafunsa mafunso omwewo a Madala a Sipanala, mwandondomeko yomweyo. Switchi yofiira. Kachingwe komangirira pa jekete, komwe kamazimitsa injini ukagwa, ngati kalowa bwino. Kenako pulagi. Kenako mafuta. Zakale zambiri ndi za two-stroke, zowotcha oilo limodzi ndi petulo, ndiye pulagi imada msanga, aliyense amayenda ndi zapadera m'thumba la m'kati kuti zizikhala zofunda. Ine tsikulo ndinali nditapopa kampope kothira petulo kasanu m'malo mwa kawiri. Tinachotsa mapulagi ali chonyowa, tinakoka chingwe kangapo kuti iume, tinaika ena, inalira.

Mjomba wa pa Limbuli, 14:11
Ankolo tumizani imodzi tiziyendera ku Sapitwa kkkk. Nanga ikakana simungoikankha pa mtsetse?

Ankolo a ku Canada, 14:19
Ndiye pamene mukutiposera pamenepo Mjomba. Imeneyi siikankhika kuti ilire. Ilibe kilatchi ya pamanja, ili ndi lamba ndi mapule awiri omwe amagwira okha injini ikathamanga. Ukaikankha injini siizungulira n'komwe. Chingwe chokoka chikaduka, umazenga kachingwe kapadera pa pule ya kutsogolo n'kukoka. Ndipo ukakhala kutali ndi nyumba pa 35 pansi pa ziro, si nkhani ya mkaka kusasa, ndi nkhani ya zala kapena moyo. Batire timaichotsa usiku n'kugona nayo m'nyumba. Oilo amalimba ngati uchi wa m'botolo. Koma mdani wamkulu ndi madzi m'mafuta: kadontho kamodzi kakauma kukhala ayezi m'paipi, basi njira yatsekeka. N'chifukwa chake timagoneka thanki ili yodzadza, kuti musakhale malo a mpweya wonyowa. Bambo a Tadala, kwanuko madzi sangaume kukhala ayezi, mwina pamwamba pa phiri pomwe chisanu chimayera pa udzu mu Juni ndi Julayi. Koma madzi ndi madzi, sayaka. Ine ndikanayang'ana kumeneko.

Madala a Sipanala, 14:30
Tifika kumeneko ankolo, koma tiyambe ndi chotsika mtengo komanso chosavuta. Bambo a Tadala, usayese madzulo injini ili yotentha, ikunamiza. Mawa m'mawa usanaponde kiki ngakhale imodzi, masula pulagi, uiyang'ane, uibwezere m'kapu yake, ugunditse mazinga ake pa chitsulo cha injini, Tadala aponde kiki. Gwira pa mphira, usagwire chitsulo. Ndipo pasakhale petulo wotayikira pafupi.

Bambo a Tadala, Lachitatu 04:38
Ndachita. Pulagi ndi yakuda bii, mwaye wokhawokha ngati pansi pa mphika. Moto ukutuluka koma wachikasu, wina ukudumpha wina ayi. Koma madala ndaona chodabwitsa chifukwa kunali mdima: kamoto kena kamathetheka pambali pa kapu ya pulagi, kulumphira ku injini. Nditaunika ndi tochi ya foni, kapuyo ili ndi mng'alu wautali ngati chikhadabo, ndipo yonse inali yonyowa ndi nkhungu. Ndinayesa kuigwira Tadala akuponda, yandimenya mpaka m'chigongono.

Mayi a Grace, 04:44
Anakuuzani kuti musagwire kkkk pepani.

Madala a Sipanala, 05:02
Wakuba woyamba tamugwira. Moto ndi waulesi, umadutsa njira yachidule. Kukauma mng'aluwo suvuta, koma chinyezi chikalowamo moto umathawira panja m'malo mopita kunsonga ya pulagi. Dzuwa likatuluka kapu imauma, n'chifukwa chake 9 koloko imalira. Lero pukuta ndi kansalu kouma, ukulunge tepi, upite. Pobwera ugule kapu ndi pulagi. Pulagi itenge nambala yofanana ndi yakaleyo, usalole akupatse iliyonse poti mazinga akulowa. Mpata wa kunsonga ukhale 0.6 mpaka 0.7 mm. Moto wabwino ndi wabuluu, wolira kuti tha tha. Podula waya kuti ulowetse kapu yatsopano, dulako kansonga pang'ono ufike pa waya wowala.

Koma kuda kwa pulagiyo kukundiuza kuti nkhani sinathe. Munthu wosagwira choko pulagi yake siyenera kuda choncho. Tsegula sefa ya mpweya uone.

Bambo a Tadala, 18:15
Kapu ndi pulagi ndagula, ndaika. Sefa ya siponji inali ngati chigumu, fumbi la ku Thekerani lonse linali mmenemo. Ndachapa, ndayanika, ndadontheza oilo pang'ono n'kufinya monga mmene mnyamata wa pa sitolo anandiuzira. Mawa tiona.

Bambo a Tadala, Lachinayi 04:51
Abale, zasintha koma sizinathe. Ndi choko yalira pa kiki yachisanu ndi chitatu, yayenda pang'ono, kenako bu bu bu n'kuzima. Kuyesanso chimodzimodzi. Ikuchita kuphulika kumbuyo ngati ikutsamwa.

Ankolo a ku Canada, 04:55
Ndikadali maso kuno, ndi usiku. Madzi amenewo.

Madala a Sipanala, 05:06
Ankolo akhoza kukhala kuti alasa. Pansi pa kabuleta pali kambale, ndipo kunsi kwake kuli kasikuluwu ka mutu wong'ambika. Tseka mafuta pa kampopi, tchera botolo loonekera m'kati, masula kasikuluwuko pang'ono, zonse zitsikire m'botolo. Kenako tsegula kampopi pa RES kuti zapansi pa thanki nazo zitsike. Uliimike botolo mphindi ziwiri uliyang'ane powala.

Bambo a Tadala, 05:25
Mayo ine. Pansi pa botolo pakhala madzi ngati masipuni awiri, otuwa, osiyana ndi petulo, mzere wake ukuoneka bwinobwino. Mulinso tinyenyeswa tofiira ta dzimbiri. Ndakhetsa mpaka kutuluka woyera. Yalira, siikuzimanso. Ndapita.

Mayi a Grace, 06:10
Ndinadziwa. Mafuta a m'mabotolo a m'mbali mwa msewuwa atithera njinga. Ena amachita kuthiramo palafini, ena zigubu zawo zimagona panja pa mvula. Ine anyamata anga ndinawaletsa, akathira a m'botolo ndimadula pa malipiro.

Mjomba wa pa Limbuli, 06:18
Iiii mayi, pamenepo ndiye mwatilakwira. Ine ndimagulitsa a m'botolo, aliyense pano akudziwa. Nthawi ija pa mapampu panali mizere ya masiku atatu munkabwera kwa ndani? Anyamata anu omwewo ankagogoda kwanga usiku. Mafuta anga ndimasefa ndi nsalu, zigubu zimagona m'nyumba, ndipo Bambo a Tadala sanagulepo kwa ine, Thunga ndi Limbuli n'kutali. Musatiike tonse m'dengu limodzi.

Mayi a Grace, 06:22
Sindinatchule dzina la munthu ine. Ukudzigwira wekha bwanji?

Adimini, 06:25
Abale tiyeni tikhale pa nkhani ya njinga. Za mizere ya mafuta tinakangana kale mokwanira.

Aphunzitsi, 07:03
Ndisakhale ngati ndikuikira kumbuyo Mjomba, koma madzi amatha kulowa ngakhale mukuthira pa pampu. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, zinayamba mu 1982 ku Dwangwa, kenako fakitale ina inatsegulidwa ku Chikwawa. Ethanol amakonda madzi, amayamwa chinyezi cha mumpweya. Akayamwa pang'ono zimapsera limodzi m'injini, palibe vuto. Akakhuta, makamaka kukazizira, madzi ndi ethanol zimapatukana ndi petulo n'kukhala pansi. Ndipo kajeti kakang'ono komwe njinga imadalira polira ndi poima kamakoka chapansi pomwepo, kabowo kake n'kochepa ngati nsonga ya singano. Onjezani apa: akabaza ambiri timayenda ndi lita imodzi m'thanki ya malita khumi. Malo otsalawo ndi mpweya wa chiperoni, usiku umachita thukuta m'kati mwa thanki, dzimbiri n'kuyamba.

Bambo a Tadala, 12:40
Mjomba asakwiye, mlandu ndi wanga. Ndayang'ana chitsekero cha thanki, kamphira kake kanatha kalekale, kang'ambika pawiri. Ndipo pomwe ndimaimika njinga ndi pamene madzi a pa lata amadonthera, thumba la feteleza lija linabooka pakati penipeni. Mayi a Tadala akhala akundiuza kuti ndiziilowetsa pabalaza, ine ndimati inunkhitsa nyumba.

Mjomba wa pa Limbuli, 12:43
Mayi a Grace ndikudikira chipepeso changa, chikhale cha nanazi ziwiri.

Mayi a Grace, 12:50
Udikira mpaka phiri lidzasamuke. Bambo a Tadala ilowetseni m'nyumba koma mutseke kampopi, ikhale kutali ndi mbaula, ndipo musamailizire m'nyumbamo ana ali mtulo. Utsi wake umapha mwakachetechete ngati wa makala.

Madala a Sipanala, 13:15
Funso lina. Ukamaponda kiki, pali pomwe imalimba n'kukukankha mwendo, kapena imangotsika ngati ukuponda nthochi yakupsa?

Bambo a Tadala, 13:22
Imatsika mosavuta madala, ngakhale ndi dzanja ndimatha kuitsitsa. Ine ndimayesa ndi ubwino, kuti injini yafewa.

Madala a Sipanala, 13:30
Si ubwino. Mavalavu anayezedwa liti?

Bambo a Tadala, 13:31
Amayezedwanso?

Madala a Sipanala, 13:44
Bwera ku Luchenza ukatula mkaka wa mawa. Anyamata ambiri a masiku ano akamva injini ikulira tiki tiki amamanga mavalavu mpaka kuti zii, mwini njinga n'kumasangalala kuti yakhala chete. Kumeneko n'kupha njinga. Valavu imafuna kampata kakang'ono kuti izitsekeka mokwanira. Kampatako kakatha, valavu imatsala yotsekuka pang'ono, mphamvu yopanikiza imathawa. Injini yotentha imakhululuka chifukwa petulo akuuluka yekha, koma yozizira siikhululuka. Ukailekerera valavu imapsa m'mphepete, ndiye pamenepo tikamba zotsegula mutu wonse, ndalama ya mkaka wa mwezi.

Che Batire, 13:50
Pobwerera adutse kuno tiyeze batire ija. Simunandiiwale eti?

Bambo a Tadala, Lachisanu 16:32
Ndabwerako abale, ndikuuzeni mmene zayendera. Ndinafika kwa madala 9 koloko ndikuganiza kuti pofika 10 ndikhala ndili pa siteji. Anangogwira injini ndi kuseri kwa dzanja n'kunena kuti khala apo, mavalavu sayezedwa injini ili yotentha. Ndinakhala pa teyala maola atatu, makasitomala akundiimbira, ine ndikudya chinangwa chootcha. Ndikati madala tayesani, iwo amangoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Itazizira anatsegula chivundikiro cha pamwamba, anazunguza injini ndi sipanala mpaka kachizindikiro ka T kaonekere pa kabowo ka m'mbali. Kenako anatulutsa timalata tawo topyapyala tokhala ngati mpeni wopinda, tolembedwa manambala, takuda ndi oilo wa zaka. Anasankha ka 0.08 mm. Ku valavu yotulutsa utsi kanalowa mothina. Ku yolowetsa mafuta sikanalowe n'komwe, ngakhale kochepetsetsa pa mulu wonsewo. Anandigwiritsa kachitsulo kopondereza valavuko kuti ndigwedeze, sikanasunthe ngakhale pang'ono. Anamasula kanati, anabweza kasikuluwu, kalata kaja kanayamba kudutsa mokhuza pang'ono, anamanga n'kuyezanso kawiri chifukwa akuti pomanga kanati mpata umasuntha. Ntchito yeniyeniyo mphindi khumi ndi zisanu. Nditaponda kiki inandibwezera mwendo ngati mmene inkachitira ili yatsopano.

Anatsukanso kabuleta, kajeti kakang'ono kaja anakauzira n'kukayang'ana kudzuwa, kanali kotsekeka theka. Anakana kukatokosa ndi singano, akuti bowo likakula njinga idzamwa mafuta moyo wake wonse. Kamphira ka chitsekero tadula ku chubu chakale mongoyembekezera, akuti petulo akadya msanga, ndigule chenicheni.

Madala a Sipanala, 17:05
Ena musatenge 0.08 ameneyo ngati lamulo la njinga zonse. Iyi ndi injini ya timitengo tokankha mavalavu. Za tcheni m'kati zambiri zimafuna mpata wocheperapo. Onani kabuku ka njinga kapena kapepala komata pa felemu. Chinanso ndamuuza: oilo anali wakuda komanso wolemera ngati phala. Ambiri kuno timathira 20W-50. Nambala ya kutsogolo kwa W ikakhala yaing'ono, oiloyo amayenda msanga kukazizira, ndiye 10W-40 amapepukitsa kiki m'mawa. Koma akhale wa njinga, wolembedwa 4T, chifukwa kilatchi yathu imasambira mu oilo yemweyo, wa galimoto wina amaiterereketsa.

Che Batire, 17:20
Wadutsa kuno. 11.9 njinga ili chozima, injini ikulira 14.1, ndiye kuchaja ikuchaja, batireyo ndi imene yatopa. Mitu yake inali ndi zoyera ngati ufa, ndapala, ndathira madzi a batire m'zipinda ziwiri zomwe zinaphwa. Sanagule. Akuti madala anamuuza kuti mwendo ulipo.

Bambo a Tadala, Loweruka 04:29
Kunja nkhungu ili tolo, ngakhale mtengo wa mapeyala wa pakhomo sukuoneka. Choko, kiki ziwiri za pang'onopang'ono, kiyi, kiki imodzi. Yalira. Tadala ndamusiya akugona koyamba sabata ino. Zikomo nonse, madala Mulungu akudalitseni.

Ankolo a ku Canada, 04:36
Ndasangalala. Disembala ikafika ine ndi amene ndidzalire pagulu pano, madala mukonzeke kundiyankha pakati pa usiku.

Madala a Sipanala, 06:02
Madalitso ndalandira, koma tinapangana malita awiri a mkaka pamwamba. Ubweretse usanasase.

Namondwe wa pa Chinakanaka, 06:47
Pepani ndalowa mochedwa, mauthenga ndi ambiri sindinawerenge onse. Yanga ikulira bwinobwino m'mawa koma ikangotentha, ndikaima kutsitsa kasitomala, imazima osaliranso mpaka ipume theka la ola. Ndi chiperoni chomwechi?

Madala a Sipanala, 06:55
Ayi, imeneyo ndi nthenda ina. Ikadzazima lero, tsegula chitsekero cha thanki umvetsere ngati ipuma kuti fuu, kenako uyese moto pa pulagi nthawi yomweyo isanazizire. Undiuze zomwe upeze.